Tsiku Limene Tinayesa Ampulifaya pa Nyanja

Amuna anga atalemba kalata kuti akubwerera kumudzi kuchokera ku Halale, ndiponso kuti akubwera ndi makina, ine sindinakayike kuti ndi makina osokera. Ndinali nditawapempha m'makalata atatu, ndipo m'kalata yachitatuyo ndinachita kudula mzere kunsi kwa mawuwo. Ndinauza amayi, ndinauza achemwali anga, ndinauzanso azimayi anzanga a kutchalitchi kuti za telala wa ku Songani aiwaleko. Munali m'zaka za m'ma 1950, mpunga titangomaliza kukolola, mwana wathu woyamba ali ndi zaka zinayi.

Lole inawatsitsa pa Songani, ndipo katundu anafika kwathu pa njinga ziwiri zobwereka. Panali sutikesi, galamafoni yopukusa ndi dzanja, batire ya galimoto imene anthu awiri anachita kuthandizana poitsitsa, ndi chinthu china chokulungidwa m'bulangete ngati khanda. Bulangetelo analivundukula okha pakhonde, pang'onopang'ono, anthu atazungulira. Munatuluka kabokosi kachitsulo kotuwa, kokhala ndi tozungulitsa tiwiri kutsogolo ndi timabotolo tinayi tagalasi titaimirira pamwamba. Pambali pake anaikapo sipika, yaikulu ngati mbale yodyera, yokhomeredwa pa kathabwa.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna popondera phazi. Panalibe.

"Nanga singano yake ili pati, abambo?"

"Singano zilipo, mayi, musadandaule," anatero, n'kutulutsa m'thumba kachitini ka singano za galamafoni. "Iyi ndi ampulifaya."

Ku Halaleko anakhala zaka zinayi akugwira ntchito m'sitolo ya mzungu wina wogulitsa ndi kukonza mawailesi. Anayamba ndi kusesa ndi kunyamula mabokosi, kenako ankaloledwa kugwirizira mawaya pamene wokonza akuwotcherera. M'sitolomo munali maampulifaya akuluakulu a matabwa onyezimira, amene ankagula ndi mabwana. Yathuyi ndiyo inali yotsika mtengo kuposa onse, ndipo inakhalitsa pashelefu mpaka mwini sitolo anawaleka kuti aitenge. Koma iwo ankalumbira kuti m'kati ndi zimodzimodzi.

"Kusiyana kwake ndi jekete basi," ankatero. "Imeneyi amati haifai. Ndiye kuti mawu amatuluka monga momwe analowera. Mukatsinzina, muyesa woimbayo wakhala nanu pamkeka pomwepo."

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakhalirana pafupi kapena kulankhulana maso ndi maso. Akakhala ndi mawu, ankadzera mwa ine. Choncho tsiku limenelo amayi anakhala kuseri kwa nkhokwe akupeta mpunga, ngati kuti zapakhondezo sizikuwakhudza, koma lichero linkangoima nthawi ndi nthawi.

Amuna anga anachotsa kamutu ka galamafoni kamene kamagwira singano n'kuikapo kena kokhala ndi waya. Waya ameneyo analowa m'kabokosi, wina anapita ku sipika, ena awiri onenepa anakaluma batire. Timabotolo tija tinayamba kufiira m'kati ngati makala. Nyimbo isanayambe n'komwe, sipika inayamba kung'ung'udza, mmmmm, osapuma. Iwo anachita ngati sakumva. Anapukusa galamafoni, anaika mbale ya nyimbo, anatsitsa singano, ndipo anazungulitsa kozungulitsa kaja mpaka pothera.

Nkhuku zinabalalika. Mwana anandithamangira n'kubisa mutu m'chitenje. Inali nyimbo ya gitala ya kumigodi, mwamuna akuimba ndi mawu aang'ono, ndipo kunena zoona sitinamvepo chinthu chosakhala bingu chikufuula motero. Koma gitalayo akafika pa nsambo zazikulu, kathabwa ka sipika kankanjenjemera n'kumalira ngati lata lomasuka pamphepo, ndipo kung'ung'udza kuja kunali pansi pa zonse.

Mbale itatha amayi anandiitana. Ndinapita kukagwada.

"Kawafunse amuna ako ngati njuchi zinalowamo panjira, kapena anagula zili momwemo."

Ndinabwerera pakhonde. "Amayi akuti makinawa ndi amphamvu."

"Auzeni kuti zikomo. Afunseninso ngati sanaone ngati woimbayo wafika pakhomo pano."

Ndinapitanso kunkhokwe.

"Wafikadi," anatero amayi, "koma ali ndi chimfine. M'patseni madzi otentha."

"Amayi akuti wafikadi," ndinakanena.

Khonde ndi nkhokwe zinali pafupi, moti aliyense ankamva bwinobwino zimene mnzake wanena ndisanazikonze. Koma mwambo ndi mwambo. Zimene sizinadzere mwa ine zinali ngati sizinanenedwe, ndipo amuna anga anagwedeza mutu mokhutira.

Masiku otsatira ampulifaya inkalira madzulo alionse dzuwa lisanalowe, kwa mbale zitatu zokha, posunga batire. Anthu ankabwera, ndipo aliyense ankachoka ndi chiweruzo chake. Ena ankati mawu ake ndi onenepa, ena ankati ndi owuma. Mphunzitsi wa kusukulu ya mishoni, amene anamvapo ampulifaya ya abambo mfumu a kumishoniko, anati iyo ija sing'ung'udza. Amuna anga anamuyankha mwaulemu kuti ya abambo mfumu imadya magetsi a injini, pomwe yathu imachita kudzipangira mphamvu kuchokera m'batire, ndiye kung'ung'udzako ndi kupuma kwa munthu amene akugwira ntchito. Mphunzitsi atapita anandiuza kuti makutu a anthu a kuno sanazolowere.

Ine sanandifunse, ndipo sindinanene. Ndinali ndidakali ndi kamkwiyo ka makina osokera, ndipo ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa zituluka zonse pamodzi.

Nkhani inakula tsiku lina atapita kudooko kukagula matemba. Kumeneko, pakati pa asodzi, pakamwa panawathamanga. Anati makina awo atawaika m'mphepete mwa nyanja, anthu a ku Chisi akhoza kuvina. Chilumba cha Chisicho tinkachiona tsiku lililonse, phiri lake litakhala pamadzi, koma kukafika kumeneko pa bwato unali ulendo ndithu. Panali msodzi wina wachikulire, Msilamu, woyandikana nafe nyumba, amene tinkamutchula kuti amalume ngakhale panalibe ubale. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa kandevu koyera ndi kofiya yosachoka kumutu. Iyeyo ndiye anafunsa funso limene linawakola.

"Mwayesa, achimwene?"

"Sindinayese, koma ndikudziwa."

"Bwato ndili nalo. Mawa ndi Lachisanu, ndikhala kumzikiti. Loweruka m'mawa tiyese."

Anabwera kunyumba atasangalala, matemba ataiwala kudooko komweko. Anati ku sitolo kuja chinthu sichinkatuluka chisanayesedwe, ndipo tsopano anthu aona mayesedwe enieni. Dongosolo lake linali lakuti iwo akhala kumtunda ndi makina, munthu wa makutu abwino akwera bwato la amalume kulunjika ku Chisi atatenga nsalu yoyera, ndipo pamene waleka kumva akweze nsaluyo pa nsungwi. Munthu wa makutu abwinoyo ndinali ine, poti ndinkatsogolera nyimbo kutchalitchi.

"Koma munene zoona, mayi. Osandikondera ayi."

"Ndinayamba ndakukonderani liti?"

Loweruka m'mawa tinanyamula zonse. Ine ndinasenza galamafoni, achimwene anga anakankha batire pa njinga, ndipo mwini wake anafukata ampulifaya m'bulangete lake. Mwana ndinamusiya ndi amayi, amene anakana kubwera, koma ananditumiza mawu akuti ndikaone ngati nsomba zigonthe. Kudooko tinapeza anthu ambiri kuposa mmene tinkaganizira: asodzi, amayi owamba nsomba, ogula ochokera ku Zomba ndi madengu awo, ndi ena amene anangomva kuti kuli zoonera. Makina anawaika pa bwato lakale lovundikira, sipika italoza kunyanja.

Ndinakhala pansi m'bwato, nsalu ili pamiyendo. Amalume anaima kumbuyo ndi nsungwi yawo yaitali, poti nyanja yathu ndi yosaya, bwato amachita kukankha. Nyimbo inayamba tisanachoke, ndipo ndinamva kulira kwa kathabwa kuja m'mano mwenimweni. Tinalowa m'kanjira ka pakati pa udzu wa m'madzi, ndipo udzuwo unameza mawu ena. Kenako tinatulukira poyera.

Pamenepo ndi pamene ndinaimva bwino ampulifaya ija koyamba. Kung'ung'udza kunatsalira kumtunda, kunjenjemera kwa kathabwa kunatsaliranso komweko, ndipo chimene chinabwera pamwamba pa madzi chinali gitala ndi mawu a munthu basi, oyera, ngati akuimbira m'bwato lina pafupi nafe. Ndinamva ngakhale pamene ankakoka mpweya. Kwa milungu iwiri ndinkaimva nyimbo imeneyo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti munthuyo akudandaula za kwawo. Ndinaganiza za amuna anga ali okha m'kachipinda ku Halale zaka zinayi, akumvera mbale yomweyi, ndipo kamkwiyo kanga kanachepa ndithu.

"Apa ndiye zakoma," anatero amalume. "Makinawa amafuna kuwamvera uli patali."

Tinapitirira. Kamphepo kanayamba kuwomba kuchokera kunyanja kupita kumtunda. Gitala anayamba kusowa, kunatsala mawu a woimba okha, akubwera n'kumathawa. Posakhalitsa sindinkamvanso kanthu koma madzi akumenya bwato ndi mbalame za m'madzi. Ndinacheuka. Anthu kudooko ankaonekabe bwino, ndipo malaya oyera a amuna anga ndinkawazindikira. Chisi chinali chisanasunthe n'komwe.

Ndinagwira nsalu ija, koma dzanja silinakwere. Ndinaona m'maganizo asodzi onse aja akuseka, ogula a ku Zomba akukafotokoza kumsika, ndi munthu wanga akukulunga makina ake m'bulangete.

"Mukumvabe, mwananga?" anafunsa amalume.

"Ndikumvabe, amalume."

Anakankha kawiri katatu. Kenako anati, "Inenso ndikumva pang'ono. Khutu lakumanzereli."

Motero tinapita, aliyense akunamiza mnzake mwaulemu. Pakapita kanthawi ankafunsa, ine n'kuyankha kuti ndikumvabe. Penapake ndinayamba kung'ung'udza nyimboyo ndekha kuti bodza likhale ndi pogwira, ndipo amalume anati eya, ndi yomweyo, tsopano yafika pa gitala. Dzuwa linakwera. Dooko linasanduka kamzere, anthu osaonekanso. Titayandikira moti mitengo ya ku Chisi inkaoneka umodziumodzi, amalume anazika nsungwi m'matope n'kupukuta thukuta.

"Mwananga, makutu anu ndi abwino, koma mapewa angawa ndi akale. Bwanji tileke kumva pano?"

Ndinamangirira nsalu kunsungwi ndipo anaikweza. Panalibe amene akanaiona, koma tinaikweza ndithu, poti ndi zimene tinagwirizana.

Tinafika kudooko dzuwa litapendeka. Anthu ambiri anali adakalipo, ndipo ndinadabwa kuti anali chete, ena atagwira pakamwa. Amuna anga anali atakhala pa bwato lovundikira lija, chipewa chili pabondo. Anaimirira n'kundithandiza kutsika.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Tayenda bwino. Makina anu ndi amphamvu, abambo. Tinkamva mpaka pafupi ndi Chisi. Amalume ndi mboni."

"Khutu lakumanzere," anatero amalume akumanga bwato.

Mayi wina wowamba nsomba ndiye analephera kupirira. Anaphulika kuseka, ndipo dooko lonse linatsatira, ena mpaka kukhala pansi. Achimwene anga ndi amene anandifotokozera, misozi ili m'maso. Mbale yachiwiri ili pakati, ife tili patsogolo pang'ono pa udzu uja, amuna anga anafuna kuwonjezera mphamvu, anakhudza waya wa kubatire, kunathetheka moto, ndipo timabotolo tonse tinazima. Kuyambira pamenepo makina sanalirenso. Anthu anatikuwira, anatikupizira zipewa kuti tibwerere, koma ife tinkangopita, nsalu osakweza.

Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Amuna anga anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo sindinadziwe ngati akwiya. Kenako anatembenukira kwa anthu.

"Mwaona? Ndinakuuzani kuti ndi haifai. Imamveka ngakhale itazima."

Anthu anasekanso, koma tsopano ankaseka nawo limodzi.

Pobwerera tinatsalira m'mbuyo awiri, achimwene atatsogola ndi njinga. Tinayenda m'mizere ya minda ya mpunga yokololedwa, iwo atafukata bulangete lawo. Anayamba ndi iwo kulankhula.

"Ndinati musandikondere."

"Munatero."

"Ndiye tsopano nenani. Munaleka kumva pati?"

Ndinawauza zoona, kuti ndi patsogolo pang'ono pa udzu, pamene malaya awo ankaonekabe, ndipo sindikudziwa ngati ndinaleka kumva chifukwa cha mtunda kapena chifukwa makina anazima. Poti pakamwa panali patatseguka, ndinapitiriza. Ndinati kung'ung'udza kuja si kupuma ayi, ndi chilema, ndipo kumatopetsa mutu. Ndinati akazungulitsa mpaka pothera, woimba amakhala ngati akukuwa m'chitini, ndipo nsambo zazikulu za gitala zimasanduka phokoso. Ndinatinso mawu a munthu imawatulutsa bwino kwambiri ikapatsidwa mpata, ndipo ndinawafotokozera zimene ndinamva pamadzi paja, mpaka kukoka mpweya kwa woimba.

Anaima. "Munamva kukoka mpweya?"

"Ndinamva."

"Pa mbale yoyamba ija? Asanayambe ndime yachiwiri?"

"Pomwepo."

Zoipa zonse ndinanena zija zinangodutsa. Anayenda njira yotsalayo akumwetulira, ndipo tikuyandikira mudzi anati za makina osokera sanaiwale, kungoti atafika m'sitolo mtima unawatsogolera kwina. Ndinati ndamva. Makinawo anadzabwera patapita zaka zitatu, akale, ogula kwa telala wa ku Songani yemwe uja.

Chimene chinapsa chinali kawaya kakang'ono koteteza makina, ndipo woyendetsa lole wina amene ankatitchajira batire anawapezera kena. Koma atailumikizanso sanathamangire kuitana anthu. Anakhala nayo masiku angapo pakhonde, ine ndili pamkeka ndi ntchito zanga, akusintha ichi ndi icho n'kumandifunsa. Anakhoma chitsulo pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi, pamene dothi limakhala lonyowa, n'kumangirirapo waya wochokera kukabokosi. Kung'ung'udza kunachepa, ngakhale sikunathe. Mawaya a batire anawatalikitsa ndi waya wa galamafoni, kunachepanso. Sipika anaichotsa pa kathabwa kaja n'kuikhomera m'bokosi la tiyi lopanda kanthu, m'kati ataikamo thonje ndi zigamba. Anayesanso kuiika pakamwa pa mtsuko waukulu, koma woimba anakhala ngati wagwera m'chitsime, ndipo tinabwerera ku bokosi.

"Apa bwanji, mayi?"

"Bwezani pang'ono. Pang'ononso. Basi, pamenepo."

Pamene ndinati basi anadulapo kachizindikiro ndi mpeni, ndipo panali pakatikati chabe. Zinawawawa kuti theka la mphamvu imene ananyamula kuchokera ku Halale lizingokhala osagwira ntchito, ndipo ndikapita kumadzi ndinkamva kuchokera kutali kuti adutsitsa pa chizindikiro. Ndikamabwera ankabwezera msanga.

Ndikaiweruza lero, nditamva makina ambirimbiri a ana ndi adzukulu, ndinganene kuti inali ampulifaya yabwino pa mawu a munthu ndi gitala mmodzi, yofooka pa ng'oma ndi nyimbo za anthu ambiri, yadyera pa batire, ndipo yosapirira kukakamizidwa. Pa bwalo la nyumba imodzi inkakwana. Pa nyanja ayi.

Koma mbiri ili ndi miyendo yake. Nkhani ya kudooko ija inawoloka, ndipo powoloka inataya theka lake. Ku Chisi kunafika zoti kumtunda kuli makina amene mayi wina anawamva ali pafupi ndi chilumba. Mwezi usanathe kunabwera amuna awiri kudzapempha kuti tikaimbe pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Amuna anga anawafotokozera zoona zake zonse, ine ndili pomwepo, koma alendowo anayesa kudzichepetsa chabe ndipo anaumirira.

Tinawoloka ndi bwato la amalume lomwe lija. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti munthu amene anakwera sitima mpaka ku Halale ankaopa madzi. Anakhala pakati pa bwato ataumbatira ampulifaya, maso ali pa mapazi awo, ndipo bwato likapendama pang'ono ankatchula dzina la Mulungu. Amalume anawauza kuti atagwamo madziwo angawalekeze m'chiuno, koma anayankha kuti iwo sakudera nkhawa chiuno, akudera nkhawa timabotolo.

Ukwatiwo unali wa masana, pansi pa mitengo ya mango. Tinaika bokosi la tiyi pa mpando, anthu anayandikira, ndipo amuna anga anazungulitsa mpaka pa chizindikiro n'kuchotsa dzanja, akundiyang'ana kuti ndione. Anthu anavina mbale zathu zisanu ndi imodzi, tinazitembenuza, anavinanso, mpaka batire inayamba kufooka ndipo mawu a woimba anayamba kuchepa ngati munthu amene akuchoka. Itazimiratu, anyamata a ng'oma amene anakhala akudikira ndi nkhope zokwinya kuyambira m'mawa analowa m'bwalo. Amuna anga anaphimba makina awo, anavula jekete n'kundipatsa kuti ndigwire, ndipo anakalowa pakati pa ovina.